Ndani anapanga TV? Yankho la m'buku ni lopelewela

Mdzukulu wanga wa giledi 6 anabwela na homuweki Lacitatu lapitali. Funso lacinayi linali lakuti: ndani anapanga TV, ndipo cinali caka citi? Yankho linalimo kale m'buku lake: John Logie Baird, 1926. Iye anangofuna kuti nimuonele ngati walemba bwino dzinalo, kuti athamange akatambe makatuni. Ninamuuza kuti alembe mmene zilili m'buku, cifukwa sinifuna mwana afeluke mayeso kamba ka mikangano ya ambuye ake. Koma yankho limenelo linanisowetsa tulo, ndipo n'cifukwa cake nalemba nkhani ino.

Vuto ni ili. TV imene mwanayo anathamangila si mdzukulu wa makina a Baird. Njila imene Baird anatsatila inathela panjila mu 1937. Ngakhale n'conco, munthu amene angafafanize dzina lake m'bukumo angalakwe kwambili kuposa amene analilemba. Kuti timvetse mmene zonse ziwili zingakhalile zoona, tifunika kuyang'ana zaka zimene TV inali kukwawa, kuyambila ca m'ma 1925 mpaka 1937.

Baird anabadwila ku Helensburgh m'dziko la Scotland mu 1888. Anali mwana wa abusa, ndipo anali wodwala-dwala moyo wake wonse. Asanayambe za TV anayesapo mabizinesi osiyana-siyana: kugulitsa masokosi otenthetsa mapazi, kuphika jamu ku Trinidad, kugulitsa sopo. Mu 1923 anapita ku Hastings, tauni ya m'mbali mwa nyanja kum'mwela kwa England, kuti thupi lipezeko bwino. Kumeneko, m'kacipinda ka lendi, anayamba kulumikiza bokosi la tiyi, katoni ya cipewa, cikopo ca mabisiketi, nsingano zosokela, magalasi a nyale za njinga na guluu. Mu 1924 magetsi anamugwila koopsa, ndipo mwininyumba anamuuza kuti asamuke. Anapita ku London n'kupeza kacipinda ka pamwamba mumsewu wa Frith Street ku Soho.

Mtima wa makina ake unali cimbale cozungulila, nzelu imene Mjelemani wina dzina lake Paul Nipkow analembetsa kale mu 1884. Cimbaleco cinali na tumabowo 30 tondandalikidwa mokhota ngati cigoba ca nkhono. Cikamazungulila, kabowo kalikonse kanali kudutsa pa kacigawo kake ka nkhope ya munthu, ndipo kacipangizo kena kanali kusintha kuwala kocokela pamenepo kukhala mphamvu ya magetsi, yambili poyela, yocepa pakuda. Ku mbali ya wolandila kunali cimbale cina cozungulila pa liwilo limodzi-modzi, kumbuyo kwake kuli nyale yowala na kuzilala motsatila mphamvu ija. Amene anazungulitsapo cikuni ca moto usiku ali mwana adziwa cinsinsi cake. Kamoto ni kamodzi, koma diso limaona mkombelo wathunthu cifukwa limasunga cimene laona kwa kanthawi. TV yonse, kuyambila ya Baird, imadalila ulesi umenewo wa diso.

Nyale zimene anali kuseŵenzetsa zinali zotentha kwambili cakuti munthu sakanakhala patsogolo pake nthawi yaitali. Conco Baird anali kuyesela pa mutu wa cidole cimene anacicha Stooky Bill. Pa 2 October 1925, nkhope ya cidoleco inaoneka pa makina olandila, osati ngati mthunzi wakuda cabe, koma na maso, mphuno na pakamwa. Baird anatsika mofulumila kukatenga mnyamata wa zaka 20 wogwila nchito mu ofesi ya pansi, William Taynton, n'kumukhazika pa malo a cidole. Pa 26 January 1926 anaitana akatswili a bungwe la Royal Institution pamodzi na mtolankhani wa nyuzipepa ya The Times kuti adzadzionele okha. Ndiye 1926 ya m'buku la mdzukulu wanga imeneyo.

Mabuku a kusukulu amaimila pamenepa, koma kwa ine nkhani yeni-yeni iyambila pa 30 September 1929, tsiku limene BBC inalola Baird kuseŵenzetsa cipangizo cake coulutsila mawu kuti atumize zithunzi kwa aliyense wofuna kutamba. Kuonetsa akatswili makumi angapo m'cipinda ni nkhani ina. Kuponya cinthu cosakhwima mumlengalenga kuti anthu wamba acione na kuciseka kumafuna mtima wina.

Ndipo cinalidi coseketsa. Poyamba cipangizo coulutsila cinali cimodzi cabe, conco mawu na cithunzi zinali kusinthana. Kwa mphindi ziwili unali kuona woimba akuyasamula pakamwa popanda liwu, ndiyeno kwa mphindi ziwili n'kumva nyimbo popanda nkhope. Zinakhala conco mpaka mu March 1930, pamene anapeza cipangizo caciwili. Cithunzi cinali ca mizele 30 yoimilila, cofiilila ngati lalanje kamba ka nyale ya neon, cothwanima-thwanima, ndipo cinali cocepa cakuti anthu owelengeka cabe ndiwo anali kukwanitsa kusuzumilamo nthawi imodzi. Yelekezelani na TV za masiku ano, zimene zambili zili na mizele 1080. Mapulogilamu anali kuulutsidwa pa maola amene wailesi inalibe zocita zambili, m'mawa kapena usiku kwambili anthu atagona. Makina olandilila, ochedwa Televisor, anali odula, ndipo okonda za mawaya ambili anali kugula zidutswa n'kudzimangila okha kunyumba.

Mu situdiyo namo munali zacilendo. Woimba kapena woseŵela anali kuima mumdima, kadontho ka kuwala kakuthamanga pankhope pake. Kuti maso na milomo zioneke, anali kudzola zoyela kumaso na zabuluu ku milomo na ku zikope. Pa 14 July 1930 anaonetsa seŵelo loyamba pa TV ya ku Britain, lolembedwa na Luigi Pirandello wa ku Italy. Linali na oseŵela atatu, koma makinawo anali kukwanitsa kuonetsa nkhope imodzi cabe panthawi imodzi. Pofuna kusintha munthu, anali kutseka kutsogolo na thabwa la mabokosi akuda na oyela ngati la drafuti, wina n'kunyamuka pampando, wina n'kukhalapo. Mu June 1931 anayesa kuonetsa mpikisano wa mahosi wa Derby ku Epsom, ndipo otamba anaona mithunzi ikudutsa pa mzele womalizila. Kuyambila mu August 1932, BBC inayamba kukonza yokha mapulogilamu amenewa, ndipo inapitiliza mpaka mu September 1935.

Zaka zisanu na cimodzi za zithunzi zosaoneka bwino. Kodi phindu lake linali ciani? Apa m'pamene nitsutsana na amene amati zonsezi zinali kutaya nthawi. Mu 1929 panalibe munthu padziko amene anali kudziwa kuti pa TV payenela kuoneka ciani, kwa utali wotani, wokamba ayang'ane kuti, cithunzi cisinthe liti. Zimenezi sizipezeka mu labu. Anazipeza mwa kulakwitsa usiku na usiku pamaso pa anthu, ndipo otamba anali kulemba makalata kukamba zimene aona na zimene alephela kuona. Cacikulu kuposa zonse, anthu anayamba kufunsa kuti zithunzi zabwino zidzabwela liti. Funso limenelo n'limene linasonkhezela boma la Britain mu 1934 kukhazikitsa komiti ya Lord Selsdon yoona za tsogolo la TV, ndipo linathandiza makampani kuona kuti kuika ndalama m'nchitoyi si misala. Msika wa TV unapangika TV yabwino isanakhaleko, ndipo amene anaupanga kwambili ku Britain anali munthu wa bokosi la tiyi uja.

Lomba nipatse mpata otsutsa, cifukwa mfundo zawo n'zolimba. Kale mu 1908, injiniya wina wa ku Scotland komweko, A. A. Campbell-Swinton, analemba m'magazini ya Nature kuti makina ozungulila sadzakwanitsa nchitoyi, ndipo njila yokha ni kuseŵenzetsa mtsinje wa maelekitiloni m'cubu la galasi, potumiza na polandila pomwe. Anakamba zoona. Kuti uwonjezele mizele pa cimbale, tumabowo tufunika kucepa, ndiye kuwala kodutsamo nakonso kumacepa, ndipo cimbale cifunika kukula kapena kuthamanga kwambili mpaka citsulo cikana. Maelekitiloni alibe kulemela kotelo, ungawakhotetse na maginito kambili-mbili pa sekondi imodzi. Mainjiniya ena a BBC anali kudziwa zimenezi, ndipo sanafune kupeleka mpata kwa Baird. John Reith, mkulu wa BBC, sanali kuikonda TV m'pang'ono pomwe. Komanso n'zoona kuti kampani ya Baird inali kulonjeza zambili m'manyuzipepa kuposa zimene makina ake anali kucita. Ndipo amene anagula makina a mizele 30 anatsala na cinthu copanda nchito mu 1935. Ise amene tinauzidwa zaka zingapo zapitazo kuti TV yathu yakale sidzagwilanso popanda dikoda tiudziwa ululu umenewo.

Pamene Baird anali kuzungulitsa cimbale cake, ena anali kuyenda njila ya Campbell-Swinton. Ku Hamamatsu m'dziko la Japan, Kenjiro Takayanagi anaonetsa cilembo cimodzi ca Cijapanizi pa cubu la galasi pa 25 December 1926. Ku San Francisco, Philo Farnsworth, mnyamata wa zaka 21 amene anakulila pa famu ku Idaho, anatumiza cithunzi ca mzele umodzi woongoka pa 7 September 1927, popanda cimbale ciliconse. Amati nzelu yoŵelenga cithunzi mzele na mzele inamubwelela poyang'ana mizele ya m'munda umene anali kulima. Ku kampani ya RCA kunali Vladimir Zworykin wocokela ku Russia, ndipo mkangano wa kampaniyo na Farnsworth pa za mwini nzelu unatha mu 1939 pamene RCA inavomela kumulipila. Ku England, kampani ya EMI inali na gulu la akatswili lotsogoleledwa na Isaac Shoenberg, mmodzi wa iwo Alan Blumlein, ndipo linali kugwila nchito mwakacetecete.

Cotelo funso lakuti ndani anapanga TV limayankhidwa malinga na dziko limene bukulo linasindikizidwila. Boma la Nazi litayamba kuulutsa mapulogilamu a TV ku Berlin pa 22 March 1935, na mizele 180, siteshoniyo inapatsidwa dzina la Paul Nipkow, kuti dziko lonse limve kuti TV ni ya Ajelemani. Anthu kumeneko anali kutambila m'zipinda za onse zimene boma linakonza, ndipo mu 1936 anaonelamo maseŵela a Olympic. Kulimbilana dzina la woyamba nthawi zambili kumakhala nkhani ya mbendela. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga ili linasenzedwa na mitu ya m'maiko osacepela asanu.

Mapeto a njila ya Baird anacitikila pa phili la kumpoto kwa London, pa nyumba yochedwa Alexandra Palace. Komiti ya Selsdon inagamula kuti makampani awili apikisane poyela: kampani ya Baird na mizele 240, ya Marconi-EMI na mizele 405, kusinthana wiki na wiki. Anayamba pa 2 November 1936, ndipo anacita kuponya kobili kuti adziwe woyamba. Mwayi unagwela kampani ya Baird. Mapulogilamu anali a maola awili pa tsiku, ola limodzi masana, lina usiku.

Kusiyana kunaonekela msanga, maka-maka kwa ogwila nchito mu situdiyo. Makamela a EMI anali kuyenda pa mawilo, kuyandikila woimba, kubwelela m'mbuyo, ngakhale kutuluka panja. Kamela yaikulu ya kampani ya Baird inali yomangilila pansi. Inali kujambula pa filimu, filimuyo n'kuloŵa m'mankhwala oitsukila, ena a poizoni, n'kutuluka ikali yonyowa kuti iŵelengedwe na makina, zonse m'mphindi pafupifupi imodzi. Kampaniyo inayesanso kamela ya Farnsworth imene inatenga mwa cilolezo, koma sinathandize kweni-kweni. Ndiye pa 30 November 1936, moto unanyeketsa nyumba ya Crystal Palace kumene kunali malabu a kampaniyo. Pofika mu February 1937, BBC inasiya njila ya Baird n'kutsala na mizele 405. Mpikisano umene unayenela kutenga miyezi yambili unatha m'miyezi itatu.

Maganizo anga ni akuti BBC inacita bwino kawili konse. Inacita bwino mu 1929 kutsegulila citseko cinthu cosakhwima, ngakhale kuti inatsegula monyinyilika. Inacitanso bwino mu 1937 kucitseka, ngakhale kuti dzina la Baird linali lokondedwa ndipo anthu ambili anali kumuona monga ngwazi ya dziko. Ikanakana mu 1929 podikila makina angwilo, sembe panalibe otamba, panalibe odziwa kukonza mapulogilamu, ndipo makina angwilowo akanafika m'nyumba yopanda anthu. Ikanaumilila Baird mu 1937 cifukwa ca cifundo kapena ulemu, sembe inamanga anthu ku cinthu cimene sicikanakula. Zigamulo ziwilizi n'zovuta kuzipeza mwa munthu mmodzi. Ambili a ife timatha cimodzi cabe. Ena amaseka ciliconse catsopano mpaka citabwela m'katoni yocokela kunja. Ena akakonda munthu wawo, salola wina kukamba kuti nchito yake yafika pothela.

Nkhaniyi imanikhudza cifukwa ca mmene TV inafikila kuno kwathu. Inayamba ku Kitwe mu 1961, patapita zaka 25 kucokela pa mpikisano wa ku Alexandra Palace, ndipo inabwela yokhwima kale, maka-maka kaamba ka azungu a ku migodi. Ise a msinkhu wanga tinaionela pa windo la aneba, yakuda na yoyela, koma yogwila nchito bwino-bwino. Sitinaone cidole copselela tsitsi, milomo yabuluu, kapena woimba wopanda liwu. Foni na intaneti nazonso zinatipeza motelo. Munthu amene zinthu zonse zimamupeza zitapsa kale amayamba kuganiza kuti kwinakwake kuli anthu a mtundu wina amene amangoganiza kamodzi cinthu n'kukhalapo. Yankho la mzele umodzi, dzina limodzi na caka cimodzi, limalimbikitsa bodza limenelo. Mwana akaŵelenga kuti Baird anapanga TV mu 1926, ndiyeno kawailesi kamene iye walumikiza na mawaya otola kakakana kulila, amaganiza kuti si wa mtundu umenewo, n'kutaya mawaya aja.

Nikanakonda ana athu auzidwe za bokosi la tiyi, za mwininyumba amene anamuthamangitsa, za mphindi ziwili za nkhope na mphindi ziwili za mawu. Nikanakondanso auzidwe kuti munthuyo anagonja, ndipo kugonja kwake kunali koyenela. Pa zionetselo za sayansi za m'masukulu, komanso m'tumashopu twa okonza mafoni na mawailesi m'misika yathu, muli acinyamata opanga zinthu zooneka zoseketsa. Zimene afunika kwa ife akulu ni zimene Baird anapatsidwa: malo oonetsela cinthu cawo cikali coipa, na woweluza woona mtima amene adzawauza tsiku limene njila yawo yatha, popanda kuwanyoza. Kuwaombela m'manja pa ciliconse n'kuwanamiza, monga mmene kuwaseka kulili kuwapha mtima.

Baird mwiniwake sanakhale pansi kulila cimbale cake. BBC inazimitsa TV pa 1 September 1939, itangomaliza kuonetsa katuni ya Mickey Mouse, cifukwa nkhondo inali pakhomo. Panthawiyo ku Britain kunali ma TV pafupifupi 20,000. M'zaka za nkhondozo, Baird anali mu labu ya kunyumba kwake, akuseŵenzetsa ndalama zake, ndipo mu 1944 anaonetsa cubu la zithunzi za mitundu-mitundu lochedwa Telechrome, logwila nchito na maelekitiloni, njila imodzi-modzi imene inamugonjetsa. TV ya BBC inayakanso pa 7 June 1946. Baird anamwalila pa 14 June, patapita wiki imodzi, ali na zaka 57.

Lacinayi madzulo, magetsi atazima, ninamufotokozela mdzukulu wanga zonsezi pakhonde. Maina ambili anamupita kumbali, koma za cidole anamvetsela mpaka kumapeto.

“Ambuya, ndiye cidoleco cinapsa?”

Ninamuuza kuti tsitsi linawauka ndipo penti inang'ambika na kutentha, koma cinapilila mpaka nkhope yake inaoneka.

“Nanga ku mayeso nilembe ciani?”

Ninati alembe John Logie Baird, 1926, atenge maliki ake. Koma aphunzitsi akadzafunsa ngati pali wina ali na funso, aimike dzanja n'kufunsa kuti pambuyo pa 1926 panacitika ciani.